Khanda la Esinati M'basi ya ku Lilongwe

Chaka chimenecho mvula inagwa ngati pali amene anaiputa. Ine ndinali ndisanakwerepo basi chibadwire, ndipo ku boma la Mchinji ndinali nditafikako kamodzi kokha, wapansi, ndili mtsikana. Ulendo wanga woyamba wa kutali unandipeza chomwecho, wosadziwa kanthu, khanda la mwini lili m'manja.

Mng'ono wanga Esinati anabereka mwana wamwamuna m'mudzi mwathu, kuseri kwa Mkanda, koma magazi sanaleke. Pofika mawa lake anali atatisiya. Mwanayo anatsala, ndipo vuto linali la bere.

Kwathu khanda lobadwa kumene timati ndi lozizira. Munthu amene akugona mphasa imodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake timati ndi wotentha, ndipo akagwira khanda lotere amalisempha: limatupa miyendo, kuwonda, n'kupita. Azimayi oyamwitsa m'mudzimo analimo, koma ana awo anali okulirapo ndipo onse anali atabwerera kale kumphasa kwa amuna awo. Panalibe amene akanalimba mtima kupereka bere. Akuluakulu atayang'anayang'ana anapeza kuti wozizira ndine, Naphiri, chifukwa bambo a kunyumba kwanga anali kumigodi ku Joni chaka chachiwiri. Aka kanali koyamba kuti ulendo wawo wa ku Joniwo utipindulire kanthu. Koma mwana wanga womaliza anali atasiya kuyamwa kalekale. Ndinamuyesa khandalo pachifuwa panga, osatuluka ngakhale dontho. Tinampatsa madzi a shuga, kenaka mkaka wa mbuzi, ndipo mkakawo unamutsegula m'mimba.

Mwamwayi, sabata yomweyo asisitere anabwera ndi sikelo. Ankabwera mwezi ndi mwezi pa tchalitchi chathu chaudzu kudzayeza ana, kugawa ufa wa phala ndi kutsuka zilonda za akhate. Wotsogolera anali Sisitere Monika, Mmalawi mnzathu, wamfupi, wolankhula mothamanga ngati akuopa kuti mawu amuthera. Iwowo ndinawapatsa mwanayo popanda mantha. Asisitere ndi ozizira moyo wawo wonse.

Anamufunyulula, kumutsina khungu la pamimba, n'kundiyang'ana.

"Mwanayu sadikira sikelo ya mwezi wamawa," anatero. "Tili ndi nyumba ya ana amasiye kufupi ndi Lilongwe. Koma sitilandira mwana yekha ngati katundu. Pafunika wachibale akhale naye komweko, aphunzire kumusamala, akayamba kuyenda abwerere naye kwawo. Apite ndani?"

Maso onse anagwera pa ine. Ana anga ndinawasiyira amayi, ndinamanga kamtolo ka nsalu, basi. Bambo a mwanayo, mkamwini wofatsa amene anali asanalankhule chichokereni kumanda, anavula bulangete limene anafunda n'kundipatsa. Malume athu, eni mbumba, anandiperekeza mpaka pagalimoto.

"Naphiri, mwanayu asagwiridwe ndi munthu wamba panjira," anatero chala chili m'mwamba. "Akatupa, mlandu ndi wako."

Tinanyamuka dzuwa lisanakwere, pa landirova ya asisitere. Pangano linali lakuti itifikitse ku boma, kumene asisiterewo anali ndi kanyumba kawo, ndipo kuchokera kumeneko tikwere basi. Ine ndinakhala kumbuyo pakati pa mabokosi a mankhwala, mtima uli m'mwamba chifukwa cha liwiro. Sindinadandaule nthawi yaitali. Titafika padambo lina, galimoto inalowa m'matope mpaka m'mimba.

Dalaivala, a Lufeyo, anatsika n'kuzungulira galimotoyo akugwedeza mutu. "Walira mvula walira matope," anatero, ngati kuti mvulayo tinaiitanitsa ndife.

Amuna amene ankabandira chimanga chapafupi anabwera ndi makasu. Anakumba, kuponya nthambi pansi pa matayala, kukankha akuimba. Galimoto inabangula, kuwathira matope kumaso onsewo, kenaka pansi pake panamveka kuti khoo! A Lufeyo analowa chagada pansipo, n'kutuluka ndi nkhope ya pamaliro. Chitsulo china chinali chitathyoka, ndipo anati galimotoyo siyendanso mpaka makaniko abwere.

Sisitere sanataye nthawi n'kudandaula. Anatenga chitini cha mkaka, fulasiki ya madzi owiritsa, kapu ndi kasupuni, n'kusiya a Lufeyo akulondera mankhwala. Tinaoloka dambolo nsalu titakwinya, iwo nsapato zili m'manja. Kutsidya tinapeza mkulu wina wa ngolo akupita pa Mkanda kukatenga feteleza. Ndalama anakana, koma anati ngati asisitere ali ndi timapiritsi ta msana, ndiye kuti tamvana. Ng'ombe zake zinali zaulesi zosaneneka. Ina, dzina lake Sitima, inkaima paliponse pamene yaona msipu, ndipo mwini wakeyo ankainyengerera ngati mpongozi.

Pangolopo Sisitere anasungunula mkaka n'kumamudonthezera mwanayo ndi kasupuni. Ankameza pang'ono, wina n'kumabwerera. Koma ankalira, kakulira kakang'ono kosasa, ndipo Sisitere anati kulirako n'kwabwino.

Pa Mkanda tinakhala pakhonde la sitolo kudikira matola. Mvula inayambanso. Tinadikira mpaka anyamata a bawo pakhondepo anatopa n'kumwazikana. Azimayi obwera kudzagula mchere ankandimvera chisoni. "Bweretsani tikulandireni, manja apumeko," ankatero. Ine ndinkangoti zikomo, n'kumufungatira kwambiri. Mmodzi anachoka akung'ung'udza kuti ndine wodzimva. Sindinamuyankhe, chifukwa iyeyo sanali wodzayankha mlandu kwa malume.

Dzuwa litapendeka kunabwera lole imene inadzatsitsa matumba kumsika. Dalaivala anatilola kukhala kutsogolo chifukwa cha mwinjiro wa Sisitere, koma mtengo anatchula wokwera, ngati wa munthu wa ndalama zake. Sisitere anakangana naye mpaka anatsitsa, kenaka anamuuza kuti azimitse fodya wake. Tinafika ku boma kukuda, mafupa onse akuphwanya, n'kugona kwa asisitere. M'mawa Sisitere anaonetsa mwanayo kwa adokotala, ndipo iwo anati matenda palibe, ndi njala, tithamange naye kumene angamulere.

Kuthamangako kunathera padepoti. Basi imene amati ibwera m'mawa inafika dzuwa lili paliwombo. Tisanakwere, pakhomo panaima anyamata oona makadi a chipani, poti masiku amenewo wopanda khadi sankakwera basi ngakhale kulowa mumsika. Langa ndinalimasula pamfundo ya chitenje, litanyowa ngati tsamba la fodya. Mnyamatayo analitembenuzatembenuza, kenaka analoza bulangete.

"Nanga la uyu?"

Ine ndinakumbatira bulangetelo mwamphamvu. Koma Sisitere anamwetulira mokoma.

"Achimwene, mwanayu ngakhale dzina alibe. Pakhadipo mulembapo ndani?"

Anzake anaseka, iye anakanda m'mutu, ndipo anatikodola kuti tidutse.

M'basimo munali anthu, nkhuku, madengu a nthochi ndi fungo la zovala zonyowa. Tinapeza malo chapakati. Pampando wa mbali inayo panakhala bambo wina wa kapu yoyera, wamalonda wachisilamu, ndi mkazi wake wofunda mpango kumutu, naye ali ndi khanda pamiyendo. Tinapatsana moni. Bamboyo anati ndi Che Saidi, ali ndi sitolo pa Waliranji, ndipo mkazi wawoyo, Abiti Jafali, anakachirira kuchipatala ku boma, tsopano akubwerera kwawo. Khanda lawo linali lachikazi, lonenepa masaya, ndipo linkayamwa mochita kumveka kuti kwiti kwiti. Ndinayang'ana kumbali, chifukwa nsanje inandigwira.

Basi itanyamuka ndinaiwala ngakhale kuopa. Maso anga anali pa mwana. Kuyambira m'mawa anali asanalire. Sisitere akamuthira mkaka, unkangotuluka m'mbali mwa kamwa n'kutsikira m'khosi. Liwombo lake linali litalowa. Ndinkaika chala pamphuno pake kawirikawiri kuti ndimve mpweya.

Titadutsa pa Kamwendo, basi inaima. Kutsogolo kunali mzere wa magalimoto, ndipo madzi a kamtsinje kena anali akuyenda pamwamba pa mlatho. Kondakitala analengeza kuti tidikira aphwe, ndipo amene akufulumira akhoza kusambira. Anthu anatsika kukaona madziwo, ngati kuti akawayang'anitsitsa achita manyazi. Posachedwa anthu a m'midzi yapafupi anafika ndi chimanga chowotcha ndi nkhaka, mtengo atakweza. Wina anazika kamtengo m'mphepete mwa madzi kuti tizionera ngati akutsika. Aliyense wobwera kuchokera kumeneko ankanena zake: wina akuti akuphwa, wina akuti akuwonjezeka.

Madzi a m'fulasiki anali atatha. Sisitere anakapempha moto kwa wowotcha chimanga, kuwiritsa ena, kusungunula mkaka watsopano. Anayesa ndi kasupuni, anayesa ndi nsonga ya kansalu. Mwanayo sanameze. Ndinaona Sisitere akuika kasupuni pansi, ndipo apo m'pamene mantha enieni anandigwira, chifukwa munthu ameneyu sanagonje ngakhale padambo paja.

"Mayi," anatero Abiti Jafali chapansipansi, "tabweretsani kuno ndimuyese. Mkaka ndili nawo wambiri, ukuchita kundipweteka."

"Zikomo, wagona," ndinayankha.

Sanali atagona, ndipo tonse tinkadziwa. Koma mayiyu ndinali nditangomuona tsiku lomwelo, mwamuna wake ali pambali pake phewa ndi phewa. Ndikanadziwa bwanji za kumphasa kwawo? Ndikamupatsa, mwana n'kudzatupa, ndiye kuti ndamupha ndine. Ndikamukaniza, afera m'manja mwanga basi isanaoloke. Ndinangokhala chiwumire, misozi ikugwera pabulangete.

Sisitere anandiyandikira kukhutu. "Naphiri, vuto n'chiyani?"

"Tsempho, asisitere. Malume ananena."

Ndinkayembekezera kuti andikalipira, poti kutchalitchi ankatiuza kuti zimenezi n'zachikunja. Anapuma mpweya wautali.

"Za tsempho ine ndili ndi maganizo anga, koma lero si tsiku la katekisimu. Mukufuna kudziwa chiyani kuti mtima ukhale pansi?"

"Ngati ali ozizira."

"Ndiye afunseni."

"Ine? Amuna awo ali pomwepo? Ha, asisitere!"

Sisitere anaimirira, kukonza mwinjiro wawo, n'kutembenukira kwa Che Saidi.

"Bambo, pepani, takationerani ngati madzi aja akutsika."

"Ndachokera komweko posachedwapa, asisitere."

"Kaoneninso. Mutenge ndi abambo enawa, maso akachuluka amaona bwino."

Che Saidi anayang'ana Sisitere, anayang'ana ine, anayang'ana mkazi wake. Anali munthu wanzeru. Anaimirira n'kukodola amuna amene anatsala m'basimo, ndipo anatuluka mondondozana, wina akutafunabe chimanga.

Ndiye sisitere wa Katolika, munthu wosadziwa mwamuna, anagwada pakati pa madengu a nthochi n'kufunsa mkazi wa Msilamu funso limene ngakhale anamkungwi amalizungulira. Analifunsa mosapsatira. Azimayi onse m'basimo anasiya zimene ankachita, makosi atatalika.

Abiti Jafali anaphimba kukamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

"Asisitere inu! Mwana wangayu mchombo wagwa dzana lomweli. Kwathu mwamuna sayandikira mpaka atakwana masiku makumi anayi. Awo mwawatulutsawo akukagona kusitolo, pamatumba a mchere."

Basi yonse inaphulika ndi kuseka. Mayi wina wa nkhuku kumbuyo anakuwa kuti, "Awonjezereni masiku ena, aone polekera!" Ine ndinaseka ndikulira, n'kutambasula manja kuti ndipereke mwanayo. Koma Abiti Jafali anakweza dzanja.

"Dikirani pang'ono. Inu mwafunsa zakwanu, nanenso ndili ndi zakwathu. Poyamba paja ndinalankhula ndi chisoni chokha. Izi zifunika mawu a bambo."

 Anaitana mwamuna wake pazenera. Che Saidi anabwera n'kuima m'matope kunjako, ndipo mkaziyo anamufotokozera m'chiyao. Bamboyo anasisita ndevu kanthawi. Kwa ine kanthawiko kanali kotalika kuposa ulendo wonse wa pangolo.

"Mayi," anatero kwa ine, "mwanayu ndi wamwamuna?"

"Eya, bambo."

"Mudziwe ichi. Kwathu mwana akakhuta mkaka wa mkazi wanga, ndiye kuti ndi mlongo wake wa Amina, mwana wangayu. Sangadzakwatirane, ndipo pakhomo panga padzakhala pakwawo mpaka imfa. Si za lero lokha ayi. Abale anu akavomera zimenezo?"

"Ndiye kuti akhala Msilamu?" ndinafunsa, poti ndine wosabisa mawu.

"Iyayi, mayi. Azikapemphera kwanu komweko. Ine ndikunena za ubale."

"Ubale sitikana, bambo."

"Basi, mpatseni."

Ndinamupereka. Manja anga anapepuka mpaka ndinasowa powaika. Abiti Jafali anapatsira Sisitere khanda lake, n'kuika wathuyo pachifuwa. Mwanayo sanagwire. Kamutu kake kanangogwera kumbali. Mayiyo sanatekeseke. Anafinya timadontho n'kumupaka pamilomo, kumusisita tsaya ndi chala, akumulankhula tinthu ta m'chiyao. Anafinyanso.  Ine ndinali nditayamba pemphero la Tikuoneni Maria koma mawu ake anandisokonekera, ndinkangobwereza chiyambi chokha.

Kenaka kachibwano kanagwedezeka. Kanaima. Kanagwedezekanso.

"Wagwira," anatero Abiti Jafali. "Ayi ndithu wagwira, akukoka."

Sindinakhulupirire mpaka nditaona kakhosi kakumeza. Anayamwa pang'onopang'ono, akupumira, ngati munthu wokwera phiri. Patapita nthawi mayiyo anamuchotsa kuti amusinthire bere lina, ndipo mwana uja, amene tsiku lonse anali ngati kansanza, anakwinya nkhope n'kulira. Kunali kulira kwa mkwiyo, kwa munthu amene walandidwa mbale. Mayi wa nkhuku uja analuluta. Amuna anabwera akuthamanga kuganiza kuti kwagwa zina, ndipo atamva anayamba kugwirana chanza ndi Che Saidi ngati kuti woyamwitsayo ndi iyeyo.

Madzi anaphwa dzuwa litapendeka. Anatiuza kuti titsike tonse tioloke wapansi, basi ibwere yopanda anthu. Tinaoloka titagwirana manja, madzi akulekeza m'mawondo, Sisitere ali pakati pa ine ndi Abiti Jafali. Kutsidya mwanayo anayamwanso, ndipo tisanafike patali ananyowetsa chitenje cha mayiyo. Ine ndinachita manyazi n'kuyamba kupepesa, koma Sisitere anasangalala ndi mkodzowo ngati wapatsidwa mphatso. Anati ndi umboni wakuti m'thupi mwalowa madzi.

Pa Waliranji basi inaima mwanayo ali pabere kachitatu. Che Saidi anatsitsa mitolo yake padenga. Kondakitala anamenya chitseko.

"Amayi a Waliranji, tsikani! Tachedwa kale!"

"Dikira pang'ono, mphwanga," anatero Che Saidi ali pansi. "Mwana wanga akudya."

"Mwana wanu si uyo ali ndi asisitereyo?"

"Ndikunena winayo."

Kondakitala anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma dalaivala anazimitsa injini. Panalibe amene anadandaula. Tinakhala pamenepo mpaka mwanayo analeka yekha, kukamwa kuli mbuu ndi mkaka. Abiti Jafali anamupukuta ndi nsonga ya mpango wake n'kundibwezera.

"Mukamadzabwerera kumudzi mudzatsike pano," anatero. "Mudzangofunsa sitolo ya Che Saidi. Mlongo wake adzamuone."

 Ndinangogwada m'kanjira ka m'basimo n'kuwomba m'manja.

Za Namitete ndi Msundwe sindinganene zambiri, chifukwa sindinayang'ane kunja. Chapanjira Sisitere anayesanso kasupuni kaja, ndipo tsopano mwanayo anali ndi mphamvu zomeza. Tinatsika pamphambano ina Lilongwe tisanalowe, n'kuyenda pang'ono wapansi mpaka pa nyumba ya njerwa yokhala ndi matewera ambirimbiri pachingwe. Mwanayo anali atayambanso kulira, mokweza ndithu. Sisitere wina wachikulire anatuluka akupukuta manja pa epuloni, kumulandira, n'kumuyang'ana m'maso ndi m'kamwa.

"Wolira chonchi ndi wokhala," anatero. "Lowani naye, botolo lili pamoto."

Anthu analowa, koma ine ndinatsalira. Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo. Tsiku loika maliro a mng'ono wanga ine ndinali m'nyumba ndi khanda, ndipo anandiletsa kulira mokweza kuti ndingalidzidzimutse. Kumanda sindinapiteko. Ndiye pakhonde la eni, pakati pa anthu osawadziwa, ndinamasula mpango n'kuyamba kulira maliro a Esinati monga timalirira kwathu. Mtsikana wina anafuna kundidzutsa, koma Sisitere Monika anamuletsa. Anakhala pansi pambali panga, matope a panjira ali m'miyendo.

Nditatopa ndinamvetsera. M'katimo kulira kunali kutaleka, kumangomveka mawu a sisitere wachikulire uja akuti, "Pang'onopang'ono, bambo, palibe akulande."

"Esinati, mwana wa amayi," ndinatero, "gona tsopano. Mwana wako wadya."